Cybersecurity si ya anyamata a IT okha: mmene mungatetezere foni ndi ndalama zanu

Mawu oti cybersecurity timawamva kwambiri a MACRA, bungwe la boma loyang'anira za mafoni ndi mawailesi, akamayankhula pa wailesi kapena banki ikatitumizira meseji yochenjeza, nde ambiri timangoti izo nza anyamata a IT aku City Centre ku Lilongwe, ife sizikutikhudza. Koma pa Chingerezi cha tsiku ndi tsiku mawuwa amangotanthauza chilichonse chomwe munthu, kampani kapena boma likuchita poteteza foni, kompyuta, ma akaunti ndi zinsinsi zake kwa akuba a pa intaneti. Zikuluzikulu zilipodi, mukukumbuka mu February 2024 a Chakwera, ali pulezidenti nthawi imeneyo, anauza nyumba ya malamulo kuti akuba analowa mu makina opangira ma pasipoti ndipo amafuna dipo, anthu anavutika kwa masabata angapo osapeza pasipoti. Koma mayi wogulitsa kaunjika mu Tsoka akabisa PIN yake ya Mpamba, imeneyonso ndi cybersecurity, ndipo kwa ine ndi imeneyo yofunika kwambiri chifukwa ndi yomwe ikulilitsa anthu mmakomboni muno.

Chomwe ndikufuna mumvetse kaye nchakuti akuba ambiri amene akutivutitsa kuno salowa mu foni mwaukatswiri ayi. Amakupangitsani inuyo kuti mutsegule nokha, ndipo chida chawo chachikulu ndi phuma. Amaimba kapena kulemba ngati zinthu zavuta pompano, mwana wanu wadwala ku sukulu, mwawina mpikisano, dzina lanu latuluka pa Mtukula Pakhomo, kapena ija yotchuka ija yoti "ndalama ija mutumize pa nambala iyi, inayo yavuta". Mukangomva munthu akukuthamangitsani pa nkhani ya ndalama, dulani foni, imbirani mwini wake pa nambala yomwe mumaidziwa kale. Ngati ndi za sukulu imbirani aphunzitsi omwe mumawadziwa. Mphindi zisanu zomwezo zimapulumutsa ndalama ya lendi.

Pa mobile money yambani ndi PIN. Chaka chobadwira, 1234, 0000 kapena manambala omaliza a foni yanu, sinthani lero lomwe, Airtel Money mumalowa pa *211# ndipo Mpamba pa *444#, posinthira PIN pali momwemo. PIN siuzidwa munthu, kaya ejenti, kaya wina oti akuimba kuchokera ku kampani ya foni, ogwira ntchito enieni safunsa PIN. Ndimaona anthu pa ma ejenti a ku depoti akupereka foni nkutchula PIN mokweza kuti ejenti awalembere, kumbuyo kuli mzere wa anthu akumva, abale izi zimandiwawa kwambiri. Lembani nokha, phimbani ndi dzanja linalo.

Ija yoti "pepani ndatumiza ndalama molakwika, mundibwezere" ndi yomwe ikupusitsa ngakhale ophunzira, chifukwa timamva chisoni. Meseji amakhala alemba okha kuti ifanane ndi yeniyeni koma yachokera pa nambala wamba. Musakhulupirire meseji, onani balansi. Ngati ndalama yalowadi muuzeni munthuyo aimbire kampani kuti ndi iwo abweze, inu musatumize kanthu.

Tsopano WhatsApp, apa nkhalepo pang'ono chifukwa ma gulupu a mpingo, a maliro, a banki mkhonde akubedwa daily. Munthu amakuimbirani mwaulemu bwinobwino, amati ndine wa mu gulupu yakuti, tili ndi miting'i ya pa intaneti madzulo ano, ndakutumizirani ka nambala mundiwerengere kuti ndikulembetseni. Ka nambala kameneko ka manambala 6 ndi kiyi wa akaunti yanu, iye akuyika WhatsApp yanu pa foni yake, mukangowerenga basi mwatulutsidwa. Kenako amayamba kulembera achibale anu onse m'dzina lanu kuti mwapanikizika akubwerekeni 50 pin mubweza mawa, ndipo anthu amatumiza chifukwa chithunzi ndi chanu, nambala ndi yanu. Kutseka khomo limeneli nkosavuta: lowani mu Settings, kenako Account, kenako Two-step verification, ikani PIN yanuyanu ya manambala 6 ndi imelo yomwe mumatha kutsegula. Mukatero ngakhale wina atapeza code ija amakakamira pa PIN. Onaninso pa Linked devices, mukapeza kompyuta yomwe simukuidziwa itulutseni. Facebook ndi Gmail nazonso zili ndi chotsekera chachiwiri chotere, yatsani, ndipo pasiwedi imodzi musaigwiritse ntchito paliponse chifukwa ikadziwika pamodzi zonse zapita.

Ma linki oti bandulo yaulere, ntchito ku UN, ngongole yopanda chikole, asiyeni, makamaka akamati tumizani kaye ku ma gulupu asanu. Ntchito yoti mulipire kaye kuti akuitaneni ku intavyu si ntchito.

Nkhani ya simu anthu amaipeputsa. Chiyambire 2018 ma simu amalembetsedwa ndi chiphaso cha unzika, nde mukabwereketsa chiphaso chanu kuti mnzanu alembetsere simu, chilichonse chomwe simuyo ingachite apolisi adzayamba kufunsa inu. Chithunzi cha chiphaso musamangotumiza kwa aliyense wofunsa pa WhatsApp. Komanso netiweki ikangozima pa foni yanu yokha, anzanu a kampani yomweyo ali nayo, musadikire mawa, pitani ku shopu ya kampaniyo akaone ngati wina sanatulutse simu ina pa nambala yanu, chifukwa akatero mameseji a banki amayamba kupita kwa iye.

Foni yeniyeniyo ikhale ndi loko, ndipo imbani *#06# mulembe nambala ya IMEI yomwe ituluke, yomwe ndi nambala yapadera yozindikiritsa foni yanu, mu kope kunyumba, imathandiza popereka lipoti foni ikabedwa mu minibasi kapena mu chipwirikiti cha ku Bwalo la Njovu. Mukamakaisiya kwa okonza mafoni chotsani simu ndi memori khadi, tulukani mu app ya banki. Pogulitsa foni yakale ifufuteni yonse kaye, kudilita zithunzi kokha sikokwanira.

Zikachitika kuti mwaberedwa, manyazi asakugwireni, anthu ambiri amangokhala chete ndipo wakubayo amapitiliza ndi nambala yomweyo. Imbirani kampani ya foni kapena banki nthawi yomweyo kuti atseke, sungani mameseji, nambala yomwe inalandira ndalama ndi transaction ID (nambala ya risiti yomwe imabwera mu meseji mukatumiza ndalama), jambulani ma screenshot, kenako kapereke lipoti ku polisi yapafupi, kaya ku Area 3, Kawale, Lingadzi kapena Kanengo. Lamulo lilipo, Electronic Transactions and Cyber Security Act ya 2016, ndipo kulowa mu akaunti ya munthu popanda chilolezo ndi mlandu. Ngati ndi WhatsApp yabedwa, ikaninso nambala yanu pa foni yanu mupemphe code yatsopano, uku mukuuza abale pa foni ndi pa ma gulupu kudzera mwa mnzanu kuti asatumize ndalama kwa aliyense wolemba m'dzina lanu. Ndipo weekend ino mukapita kukaona amayi kapena agogo, tengani foni yawo muwasinthitse PIN ija ya chaka chobadwira, chifukwa ndalama zomwe timawatumizira kumapeto kwa mwezi zimafikira momwemo.