Momwe fitala angapezere ntchito ku Chigwa cha Shire

Wachinyamata wa ku Chikwawa kapena ku Nsanje amene akufuna kudyera luso lokonza makina a m'mafakitale, kutanthauza kukhala fitala, ayambe wadziwa nyengo za nzimbe, chifukwa ntchito zambiri za mtundu umenewu kuno zimatsatira mbewu imeneyi. Fakitale ya shuga ya Illovo ku Nchalo imagaya nzimbe kuyambira cha mu Epulo mpaka mvula itayandikira, ndipo ikaima, makina amamasulidwa kuti mabeyaringi, mashafiti, malamba ndi matcheni zimene zatha zisinthidwe. M'miyezi ya dzinja imeneyi ndi mmene manja amaperewera. Choncho kalata yanu yofunsira ntchito, kaya ku kampani kapena kwa makontirakitala, ipite fakitale isanaime, ndipo ngakhale atakupatsani ntchito ya miyezi itatu yokha, musaikane, pakuti kapitawo amakumbukira munthu amene anamuona akugwira sipanala.

Luso lopanda pepala silipita patali pa geti ya fakitale. Ndimamva chisoni ndikaona anyamata odziwa kumasula injini ya chigayo mpaka pansi akubwezedwa chifukwa alibe satifiketi. Lemberani maphunziro a ufitala otchedwa General Fitting kudzera ku TEVETA, bungwe loyang'anira maphunziro a ntchito zamanja, kapena ngati munaphunzirira pa galaja, lembani mayeso oyesa luso lanu kuti mupeze satifiketi. Kuwotcherera zitsulo ndi kuwerenga zojambula za makina muziphunzire pambali.

Koma chimene ndikukulimbikitsani kwambiri ndi mapampu. Dera lathu ndi lotentha, mvula yake ndi yosadalirika, motero nzimbe za ku Nchalo, Kasinthula ndi Phata zimakula ndi madzi opopedwa mu Shire. Madziwo amabwera ndi mchenga umene umadya mkati mwa pampu, ndipo fitala wodziwa kulunzanitsa shafiti ya mota ndi ya pampu kuti zisagwedezeke, wothanso kumva ndi khutu kuti beyaringi yayamba kufa, sakhala nthawi yaitali osaitanidwa.

Musayang'ane ku Nchalo kokha. Kuli PressCane, imene imapanga ethanol kuchokera ku zotsalira za shuga, komanso siteshoni ya magetsi ya EGENCO ku Kapichira, yomwe namondwe wa Ana anaiononga mu Januwale 2022 dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130. Pa Kapichira pomwepo ndi pamene payambira ngalande yaikulu ya ntchito ya boma ya ulimi wothirira yotchedwa Shire Valley Transformation Programme, ndipo minda yatsopano yothirira idzafuna anthu osamalira zitseko za madzi ndi makina a m'munda.

Podikira kuitanidwa, konzani zigayo za chimanga ndi mpunga ku Ngabu, Bangula kapena ku East Bank, ndipo muzilemba m'kabuku makina aliwonse amene mwakonza, vuto lake ndi tsiku lake, kuti pa mafunso mudzakhale ndi chosonyeza. Wina akakuuzani kuti mupereke ndalama kuti akulowetseni ntchito, musampatse ngakhale tambala, koma pitani nokha ku ofesi ya zantchito ya boma lanu mukafunse.