Momwe selo limapangira prostaglandin, ndi pomwe mankhwala amadula njirayo

Selo silisunga prostaglandin, kemikolo ya m'thupi yobweretsa kutupa ndi ululu, kudikirira tsiku la ngozi. Limaipanga pomwepo ikafunika, monga likavulala, choncho kuti mumvetse kutupa, itsateni njirayi kuchokera koyambira.

Yambirani pa kachikopa kokuta selo. M'menemo muli mafuta otchedwa arachidonic acid. Selo likapsa, likafinyika kapena likakumana ndi tizilombo, kashiamu amachuluka mkati mwake n'kudzutsa enzaimu (puloteni yofulumizitsa ntchito za m'selo) ya phospholipase A2, yomwe imathothola mafutawo. Kenako enzaimu ya COX imawasandutsa prostaglandin yotchedwa PGH2, yomwe sikhalitsa isanasandutsidwe china. Chotuluka apa chimatengera mtundu wa selo. Pamalo ovulala pamatuluka prostaglandin ya PGE2, imene imatanula mitsempha ya magazi mpaka khungu kufiira ndi kutentha, imachititsa kuti kungokhudza pang'ono kupweteke, ndipo mu ubongo imakweza kutentha kwa thupi. Ma platelet, timaselo ta m'magazi totseka mabala, amapanga thromboxane woundanitsa magazi.

COX ilipo mitundu iwiri. COX-2 imachuluka patapita maola ochepa chivulalireni. COX-1 imagwira ntchito tsiku ndi tsiku, makamaka kuteteza chifu ku asidi. Vuto lagona pamenepa: ibuprofen, amene ambiri amamudziwa kuti Brufen, amatseka zonse ziwiri. Ululu umachepa, koma chifu chimatsala pambalambanda, nayo impso imalandira magazi ochepa ngati munthu watha madzi m'thupi. Wamkulu amwe 200 mpaka 400 mg atadya, apume maola 6 mpaka 8, ndipo asapitirire 1,200 mg patsiku popanda dokotala. Wotsegula m'mimba, wa zilonda zam'mimba ndi mayi woyembekezera asamwe mwa okha.

Asipirini ndi wina. Wasayansi John Vane anaonetsa mu 1971 kuti amaletsa kupangidwa kwa prostaglandin. Asipirini amaiononga COX kotheratu, ndipo platelet ilibe nyukiliyasi (phata la selo) yoti ipangire ina, choncho imakhala osapanga thromboxane masiku 7 mpaka 10 a moyo wake. N'chifukwa chake 75 mg yokha imakwanira kwa odwala mtima, komanso muyenera kuuza dokotala kuti mukumwa asipirini musanachotsedwe dzino. Mwana wosakwana zaka 16 musamupatse.

Mafuta aja ali ndi njira ina, ya enzaimu ya 5-lipoxygenase, yotulutsa leukotriene wofinya njira za mpweya. Mukatseka COX, kwa ena a mphumu leukotriene amachuluka, chifuwa n'kubanika. Wa mphumu afunsidwe kaye ngati anabanikapo atamwa ibuprofen kapena asipirini.