Tebulo la mlombwa lija musalitaye, likungofuna sandipepa

Makomo ambiri liripo tebulo lija anasiya agogo kapena lomwe bambo anakhometsa atangoyamba ntchito, lolemera loti anthu awiri kulinyamula mpaka thukuta, koma pano lili pakhonde mukuikapo zidebe za madzi chifukwa lathimbirira, pamwamba mabwalo oyera a makapu a tiyi, penanso ana anazokotapo maina ndi msomali. Ndiye mwayamba zoganiza zogula lina mu shopu. Dikirani kaye. Matebulo ambiri onyezimira mukuwaona masiku anowa ndi a chipibodi, utuchi wopanikiza ndi guluu basi, akangomwa madzi amafufuma ngati chigumu ndipo palibe kalipentala angawabweze. Pomwe mlombwa kapena mbawa ukaupala umatuluka watsopano, ndipo mitengo imeneyi pano kuipeza nkovuta.

Yambani mwaona ngati lanulo ndi thabwa lenileni. Suzumirani kunsi ndi m'mphepete, mizere ya mtengo ya pamwamba ija izipitirira mpaka kumeneko. Mukapeza kuti pamwamba anangomata kachikopa kopyapyala, zomwe ndikunena apazi sizanu, mudzaboola.

Ngati miyendo ikugwedera konzani zimenezo kaye. Zulani, palani guluu wakale, pakani watsopano wa matabwa woyera uja, mumange ndi malegeni zolimba ligone choncho usiku wonse. Mukaona timabowo ting'onoting'ono ndi kaufa pansi pa tebulo ndiye kuti muli tizilombo tofumbula, gulani mankhwala ake ku hadiweya muthire m'mabowomo, apo ayi mudzangowavekera vanishi iwo akudyabe mkati. Ming'alu yaing'ono tsekani ndi utuchi wa tebulo lomwelo wosakaniza ndi guluu, mtundu wake umayandikirako.

Kenako litsukeni ndi sopo ndi kansanza konyowa pang'ono, osati kulikhuthulira ndowa, liume pamthunzi. Mafuta ophikira a zaka zonsezi akatsala amatseka sandipepa msangamsanga.

Tsopano ntchito yeniyeni ndi kupala, ndipo apa mpomwe ambiri mumathawa. Vanishi sabisa kanthu, amaonetsa. Sandipepa ali ndi manambala kumbuyo kwake, nambala ikachepa ndiye kuti ngokhakhala kwambiri. Yambani ndi 80 kuchotsa vanishi wakale, mubwere ndi 120 kufafaniza mikwingwirima ya 80 uja, mutsirize ndi 180 kapena 220. Osadumpha kuchoka pa 80 mpaka 220 ati posunga ndalama, mizere idzatsala. Ngati tebulo ndi la paini ngati wa ku Chikangawa uja, yambirani pa 120, ngofewa, 80 amamukumba. Kulungani sandipepa pa kachidutswa ka thabwa kosalala m'malo mogwira ndi zala, zala zimasiya timaenje tomwe mudzationa dzuwa likawomba cham'mbali. Ndipo muzipala motsata mizere ya mtengo, kupita ndi kubwera, osazungulira ngati mukutsuka poto, osapingasa. Akalipentala ena amayamba ndi phale la galasi losweka kupala vanishi wokhuthala, zimathekadi ndipo zimasunga sandipepa, koma ngati simunazolowere zisiyeni, zala nzanu.

Palirani panja, mutavala masiki. Makamaka ngati tebulolo linapakidwa penti wakale, ena mwa mapenti amenewa amakhala ndi mtovu ndipo fumbi lake ndi loopsa kwa ana, choncho ana atalikire, fumbilo mulipukute ndi chonyowa osati kusesa.

Mukaganiza kuti mwatha, pukutani ndi kansanza konyowetsa tapentaini. Kwa kanthawi thabwa lidzaoneka momwe lidzakhalire ndi vanishi, ndipo pomwe mwanyengezera padzaonekeratu. Bwererani pamenepo. Za siteini, mankhwala osintha mtundu wa thabwa aja, ine pa mlombwa ndi mbawa sindivomereza, mtundu wake ulipo kale, ndipo amene amapaka penti wa buluu pa mlombwa ndimangowayang'ana.

Vanishi musamukhutchumule, mutakaseni pang'onopang'ono ndi kamtengo, kukhutchumula kumabweretsa thovu lomwe limaumira pomwepo. Koti yoyamba muisungunuleko, gawo limodzi la chosungunulira pa magawo 10 a vanishi, kuti alowe m'thabwa. Chosungunulira chake werengani pachitini, wamafuta amafuna tapentaini, wamadzi amafuna madzi, musangothira thina aliyense mwapeza, ena amamuundanitsa. Pakani mopyapyala ndi burashi yabwino, yotchipa ija imasiya ubweya, motsatanso mizere. Ikauma, kawirikawiri mawa lake, pitanipo pang'ono ndi 220 kungochotsa khakhalakhakhala, pukutani fumbi, pakaninso. Makoti atatu opyapyala amaposa imodzi yokhuthala yomwe imakwinyika n'kumamata mpaka kalekale. Kunsi nakonso pakani ngakhale koti imodzi, thabwa likamamwa chinyezi mbali imodzi yokha limapindika.

Nyengo nayo muione. Nthawi yamvula kapena tsiku la chiperoni vanishi amachedwa kuuma, nthawi zina amachita mbuu. Mu Okutobala vuto ndi fumbi ndi kutentha, musapakire padzuwa, lowetsani m'chipinda chotsegula mawindo, wazani timadzi pansi kuti fumbi lisauluke, nkhuku zisalowe. Nsanza zomwe zanyowa ndi mafuta a linseed, ngati mwasankha mafuta m'malo mwa vanishi, musaziunjike pakona, zimatha kuyaka zokha, ziyanikeni panja chotambasula.

Mukamaliza koti yachitatu lisiyeni sabata yathunthu musanayambe kudyerapo, ngakhale likuoneka louma mkati simunalimbe. Ndipo poto wa nsima wochoka pambaula asamatere pamwamba pake mwachindunji, ikani kathabwa kapena kamphasa pansi pake, mabwalo oyera aja amayambira pamenepo.