Momwe mungasankhire macheka opinda odulira mitengo ya zipatso

Alimi ambiri a mapeyala, mango ndi makademiya kuno ku Thyolo ndi ku Mulanje amadulira mitengo yawo ndi chikwanje, koma chikwanje chimang'amba khungwa ndi kusiya bala lokhakhala limene limasunga madzi, ndipo m'dera la mvula yambiri ngati lathu lino bala lotere silichedwa kuola. Macheka aang'ono opinda, amene chitsulo chake chimalowa m'chigwiriro, amadula mosalala ndipo amanyamulika m'thumba popanda kukuchekani.

Musanapite kusitolo, yendani m'munda mwanu ndi kuona kunenepa kwa nthambi zimene mudzadula kawirikawiri. Chitsulo cha macheka chizikhala chotalika pafupifupi kawiri kuposa kunenepa kwa nthambiyo, choncho chitsulo cha masentimita 17 mpaka 21 chimakwanira nthambi zambiri za mapeyala ndi mango. Chitsulo chokhota chimathandiza podula nthambi za pamwamba pa mutu, pamene chowongoka ndi chabwino pa ntchito yofuna kudula molunjika, monga mipini ya makasu, ndodo ndi nsungwi.

Chachiwiri, ndipo apa ndi pamene ndikupempha kuti mufatse kwambiri, yang'anani mano. Mtengo wauwisi uli ndi madzi ndi utomoni, ndipo utuchi wake umamatirira pakati pa mano, motero umafuna mano akuluakulu otalikirana, pafupifupi 6 mpaka 8 pa inchi imodzi. Mtengo wouma ndi nsungwi zimafuna mano aang'ono othinana, chifukwa mano akuluakulu amalumphalumpha ndi kung'amba m'mphepete. Ngati ndalama zikulolani kugula macheka amodzi okha, sankhani a mano apakatikati.

Funsaninso mbali imene manowo amadulira. Macheka a Silky a ku Japan ndi Felco 600 a ku Switzerland amadula pokoka basi, ndipo chitsulo chake ndi chopyapyala, kotero kuti munthu wozolowera kukankha mwamphamvu akhoza kuchipinda kapena kuchithyola. Bahco Laplander a ku Sweden amadula pokoka ndi pokankha pomwe, ndipo amapirira dzanja la munthu wongoyamba kumene, ngakhale kuti sadula mofulumira ngati a ku Japan aja. Ngati nsonga za mano zikuoneka zakuda, ndiye kuti anaziumitsa mwapadera: zimakhalitsa zili zakuthwa, koma sizinoleka ndi tupa wamba, choncho dziwani msanga ngati wogulitsayo ali ndi chitsulo chosinthira.

Kenako tsegulani machekawo muli m'sitolo momwemo, kaya ndi ku Limbe kapena ku Luchenza. Loko imveke kuti yagwira, ndipo mukagwedeza chitsulocho chisasewere uku ndi uku. Macheka amene loko yake ndi yofooka amatsekeka pa zala pamene muli pamwamba pa mtengo, ndipo ine sindingawagule ngakhale atatsika mtengo motani. Mukawapinda, onetsetsani kuti mano onse abisika. Chigwiriro cha labala n'chabwino chifukwa sichiterera m'manja mukatuluka thukuta.

Mukafika nawo kumunda, yesani pa nthambi imodzi. Yambani kucheka pang'ono kunsi kwa nthambiyo, pafupifupi masentimita 30 kuchokera ku thunthu, kenako chekani pamwamba, patsogolo pang'ono pa pamene munacheka poyamba cha kunsonga ya nthambiyo, mpaka igwe. Mukatero khungwa siling'ambika kutsikira ku thunthu. Pomaliza chotsani chitsa chotsalacho, koma musadule chotupa chimene chili pamene nthambi yalumikizana ndi thunthu, pakuti bala limapolera pamenepo.

Nthawi ya chiperoni chitsulo chimachita dzimbiri msanga. Mukaweruka, chotsani utomoni ndi kansalu konyika mu palafini, pukutani, pakani mafuta pang'ono, ndipo pindani machekawo atauma. Mukadula mtengo wodwala, pukutani mano ndi sipiriti musanapite pa mtengo wina.