Kalembedwe ka zilembo pa mabogi a sitima

Mwafunsa, bambo, mmene amisiri ankalembera manambala ndi mayina pamanja pa mabogi a sitima, ndipo njira yake ndi yomwenso olemba zikwangwani kuno ku Zomba angatsate.

Choyamba, tsukani chitsulocho, muchikweche ndi sandipepa, mupake penti woyamba ndi kudikira kuti aume. Kenako jambulani zilembo papepala, muboole timabowo ndi singano motsatira mizere, muike pepalalo pabogi, mulipunthe ndi kansalu komangamo ufa wa choko kuti timadontho titsalire pachitsulo.

Apa ndiye pofunika kudekha kwambiri: tsamizani dzanja pa ndodo yokulungidwa nsalu kunsonga, mukoke burashi yaubweya wautali kamodzi kokha, chifukwa penti wamafuta akapakidwa mobwerezabwereza amasiya mikwingwirima yonyansa. Zilembo zikauma bwinobwino, pukutani choko chotsalacho, mupake vanishi.