Mpeni ndi zida zopinda pa ulendo wautali wa njinga: zoti mutenge ndi poziika

Musanagule chida chilichonse, gadamitsani njinga yanu ndi kuyang'ana nati ndi bawuti aliyense, kuyambira ku handulo mpaka ku keliyala. Njingayo ndiyo ikuuzeni zoti munyamule. Ambiri amagula kachida kopinda kokongola, kokhala ndi ma Allen key (tizitsulo ta ngodya zisanu ndi imodzi tomasulira mabawuti) ambirimbiri, n'kukazindikira ali pakati pa Santhe ndi Kapiri, pa msewu wochoka ku Kasungu kupita ku Kamwendo, kuti tayala lawo lakumbuyo linamangidwa ndi manati a 15 mm ndipo kachidako kalibe pogwira.

Njinga za m'dera lino zili pawiri. Zilipo zolimba zonyamulira katundu, zonga za akabaza ndi za alimi a fodya ndi mtedza, zomwe pafupifupi chilichonse chimamangidwa ndi nati. Izi zimafuna sipanala ya 15 mm ya matayala ndi mapedulo, ya 10 mm ya mabuleki ndi madigadi, ndipo kawirikawiri ya 13 kapena 14 mm ya chishalo ndi handulo. Zilipo zina za magiya, zambiri zogulidwa pa kaunjika, zomwe mabawuti ake ali ndi kadzenje ka ngodya zisanu ndi imodzi pamutu. Izi zimafuna Allen key ya 4, 5 ndi 6 mm, ndipo zina zimafunanso ya 8 mm ya kilanki, mkono umene pamamangidwa pedulo. Yesani chida chilichonse pa bawuti wake muli pakhomo, mumasule pang'ono ndi kumanganso. Chimene sichinapeze pogwira chitsale, chifukwa ndi katundu wongolemeretsa chikwama.

Zida zopinda nazonso zili pawiri, ndipo anthu amazisokoneza. Choyamba ndi cha njinga chenicheni: ma Allen key, sikuludiraiva ziwiri, ndipo chabwino chimakhalanso ndi kodulira tcheni ndi kokungira masipoko. Chachiwiri ndi chija cha pulayazi, monga za Leatherman, kapena timipeni ta Victorinox tokhala ndi lumo ndi chotsegulira zitini. Chachiwirichi chimathandiza kukoka waya wa buleki, kupinda waya, kuzula munga wokanirira m'tayala, koma sichimanga njinga. Ngati ndalama zikukwanira chimodzi chokha, wa njinga ya magiya agule choyambacho, ndipo wa njinga ya manati agule masipanala enieni atatu ndi pulayazi wamba wa pa hadiweya. Musamasule nati ndi pulayazi. Mano ake amadya ngodya za nati, ndipo mukatero kawiri katatu natiyo imasanduka yobulungira, sipanala osagwiranso.

Mpeni woyenera ulendo ndi wopinda, wa chitsulo chotalika masentimita 7 mpaka 9, wokhala ndi chotsekera choti usapindike wokha mukamadula. Wopanda chotsekera umabwerera n'kutema zala mukaukankha mwamphamvu pa chinthu cholimba ngati nzimbe. Chikwanje ndi mpeni waukulu wa m'chimake sizifunika pa njinga. Ntchito za pa ulendo ndi zazing'ono: kusenda mango ndi mbatata, kudula tomato ndi anyezi, kudula chingwe, kucheka chubu chakale kuti mupeze mphira zomangira katundu. Zonsezi mpeni wa masentimita 8 umatha bwinobwino.

Pali ntchito imodzi imene mpeni umapulumutsa ulendo wonse. Tayala likang'ambika m'mbali ndi mwala kapena chitsa, chubu chimatulukira pong'ambikapo n'kuphulika ngakhale chikhale chatsopano. Dulani kachidutswa ka tayala lakale, kotalika masentimita 6 ndi kutambalala 4, mutachotsa waya wa m'mphepete mwake, ndi kukaika mkati mwa tayala pakati pa chubu ndi pong'ambikapo. Ngati mulibe, pindani chiguduli cha thumba la feteleza kanayi. Popani mpweya wocheperako kuposa masiku onse, mukwere mosamala mpaka pa sitolo yogulitsa matayala. Kachidutswaka n'kabwino kukadulira kunyumba, pa thabwa, kusiyana ndi kukadulira pa bondo m'mbali mwa msewu.

Koma mpeni si chotsegulira tayala. Cholakwa ichi n'chofala kwambiri: munthu amalowetsa nsonga ya mpeni kapena sikuludiraiva pakati pa tayala ndi limu n'kutembenuza. Zimene zimatsatira ndi chubu chobooka malo awiri atsopano, limu yokandika imene idzadya chubu chotsatira, kapena nsonga ya mpeni yothyoka. Nyamulani timitengo ta pulasitiki totsegulira tayala, titatu. Tikasowa, zogwirira za masupuni awiri zimagwira ntchito, bola zikhale zosalala m'mphepete. Musapalenso chubu ndi mpeni musanamate, chifukwa umadula mphira m'malo moikwecha. Kwechani ndi sandipepa, pakani solushoni pang'ono, dikirani mphindi zitatu mpaka zisanu kuti aume osanyezimiranso, kenako kanikizani chigamba. Zigamba zambiri zimamatuka chifukwa chozikanikiza solushoni akadali wonyowa.

Poika zida pamafunika kuganiza bwino. Musaike mpeni kapena chida chopinda m'thumba la buluku kapena la malaya kumsana. Mukagwa, ndipo pa mchenga wa misewu yafumbi ya kuno kugwa sikuchedwa, chitsulocho chimakhala pakati pa thupi lanu ndi nthaka. Musaupachikenso pa lamba. Mpeni ukhale m'chikwama cha chakudya, pamodzi ndi supuni, kapu, mchere ndi machesi, wopindidwa ndi wokulungidwa m'kansalu. Zida za njinga zikhale m'kathumba kawokawo, pansi pa chishalo kapena pamwamba pa katundu, poti muzifikira osamasula mtolo wonse. Chubu chapadera chikhale m'pepala lake kapena m'sokosi yakale, kutali ndi chitsulo chilichonse. Njinga ikamagwedezeka tsiku lonse pa msewu wa mabampu, sipanala yogundana ndi chubu imachikwecha mpaka kubooka, ndipo mumazindikira pa nthawi imene mukuchifuna. Kugwedezeka komweko kumamasula timabawuti tiwiri togwira chida chopinda m'mbali, choncho muzitimanga masiku angapo alionse.

Kuika mpeni pamodzi ndi ziwiya kuli ndi chifukwa china. Malamulo a dziko lino amaletsa kuyenda pagulu ndi chida chovulazira popanda chifukwa chomveka, ndipo pa M1 ndi pa M12 pali malodibuloko. Mpeni wopezeka pakati pa poto ndi anyezi umadzifotokoza wokha, pamene wopezeka m'chiuno kapena m'sokosi umadzutsa mafunso. Apolisi akafunsa zimene mwanyamula, nenani nokha kuti, "Bwana, m'chikwama cha chakudyamo muli mpeni wophikira ndi zida za njinga," ndipo musautulutse musanauzidwe. Chimodzimodzi pa chipata cha Mchinji ngati mukupita ku Chipata. Mukaima pamsika, pa malo omwera kapena pa bwalo la mpira, mpeni utsale m'chikwama. Mukapempha malo ogona kwa amfumu kapena pa sukulu, muutulutse pa nthawi yophika yokha, ndipo musausiye pansi pamene pali ana.

Amene akuganiza kuti mpeni ndi wodzitetezera pa njira asiye maganizo amenewo. Munthu wokwera njinga manja ake onse ali pa handulo, ndipo mpeni wotulutsidwa pa mkangano umakulitsa mlandu kapena kulandidwa. Chitetezo ndi kunyamuka m'mamawa ndi kufika pogona dzuwa lisanalowe.

Kufupi ndi Kasungu National Park samalani kwambiri. Lamulo la zachilengedwe limaletsa kulowa m'malo otetezedwa ndi zida kapena misampha popanda chilolezo, ndipo waya wokulungidwa, umene wa njinga amaunyamula womangira keliyala, ndi womwewo umene opha nyama mozemba amatchera. Nyamulani waya wochepa, wodulidwa tizidutswa ta masentimita 20, ndipo pa chipata onetsani alonda zonse zimene muli nazo ndi kufunsa ngati njinga ikuloledwa kupitirira. Musadutse njira zachidule za m'nkhalangomo. Mu 2022 anabweretsamo njovu 263 kuchokera ku Liwonde, ndipo njovu ilibe nazo kanthu kuti mwanyamula chiyani.

Mabawuti a Allen amawonongeka pa zifukwa ziwiri. Fumbi ndi matope zikadzaza m'kadzenje, kiyi imalowa theka lokha n'kutsetsereka, choncho yambani mwakolokosa kadzenjeko ndi munga kapena kawaya. Chachiwiri n'chakuti chida chopinda n'chachifupi, ndiye munthu amachipotoza cham'mbali pofuna mphamvu. Kiyi ilowe mpaka pansi, iime chilili, kenako muzungulitse. Pedulo ya kumanzere ili ndi ulusi wotembenuka: imamasuka mukazungulitsa mbali imene manati ena amamangira. Podula tcheni, musakankhe kapini mpaka kutulukiratu, kasiyeni katakakamira m'mbale yakunja, chifukwa kakagwa kubwezeretsa n'kovuta zedi. Kodulira waya ka pa pulayazi wopinda kamaphwanya waya wa buleki m'malo moudula bwino, ndiye mukasintha waya pa njira, wotsalawo ingoukulungani, mukadule kwa amakaniko.

Pambali pa zidazi onjezani machubu awiri, mpope woyenerana ndi mavavu anu, masipoko anayi a utali wa tayala lanu, waya umodzi wa buleki, kolumikizira tcheni koyenerana ndi tcheni chanu, ndi mabawuti anayi a 5 mm ndi manati ake a keliyala, popeza ndi amene amathothoka msanga njinga ikalemedwa.

Nyengo ya dzinja zida zimachita dzimbiri msanga. Madzulo alionse pukutani mpeni, makamaka mukadula tomato, mandimu kapena mango, ndi kupaka kadontho ka mafuta ophikira. Oyilo wa tcheni apite pa zolumikizira za chida chopinda ndi pa masipanala, osati pa mpeni wodulira chakudya. Ukabuntha, unoleni pa mwala wosalala wonyowa, kapena pansi pa kapu yadothi pamene sipanapakidwe zonyezimira, mutakweza msana wake pang'ono, kakhumi mbali iyi ndi kakhumi mbali inayo. Mpeni wobuntha ndi umene umatema mwini wake, chifukwa umafuna mphamvu zambiri n'kutsetsereka. Podula, lunjikitsani mpeni kutali ndi thupi, ndipo mukhale ndi bandeji ndi pulasitala m'chikwama chomwecho cha chakudya.