Pulopela yosankha ndi maso ikuwotcha mamota chilimwe chino

Chiyambire chilimwe chino ndaona ndege zinayi zazing'ono, zija zoulutsa ndi rimoti, zikugwa pa dambo limene timaulutsira Loweruka m'mawa, ndipo zitatu mwa izo zinatsika zikufuka utsi kumphuno. Zonsezi kale zinkayendera injini ya glow, eni ake n'kuzisintha chaka chino kuti ziziyendera batire. Kusinthako sindikutsutsa ayi. Mafuta a glow, aja osakaniza methanol, nitromethane ndi mafuta a nsatsi, ndi ovuta kuwapeza kuno, ndipo palibe amene amakondwa kupukuta mafuta onanda pa mapiko akamaliza kuulutsa. Chimene chikundiwawa n'chakuti ndege zinayi zonsezi zaphedwa ndi matenda amodzi, koma eni ake aliyense akuloza kwina. Uyu akuti mota inali yachinyengo. Uyu akuti ESC, kachipangizo kolamulira liwiro la mota, inabwera yofa kale. Wina akuti ndi dzuwa la October. Ine funso langa linali limodzi kwa onse: musanaulutse, mota inkakoka ma amp angati? Palibe amene anayankha. Mmodzi anachita kundifunsa kuti zimenezo amayezera pati.

Abale anga, pulopela simusankha ngati chipewa.

Ambiri a inu munakulira pa injini ya glow, ndipo injini imeneyo inakuzolowezani zoipa. Injini ya .46, ya 7.5cc, mukaiveka pulopela ya 11x6, yotalika mainchi 11, imalira bwino. Mukaiveka pulopela yoposa msinkhu wake imakuuzani yokha: kulira kumatsika, mphamvu imachepa, mwina imazima. Khutu ndilo linali mita yanu, ndipo linkagwiradi ntchito. Mota ya magetsi ilibe khalidwe limenelo. Iyo imalimbana kuti izungulire pa liwiro limene Kv yake (maulendo amene imazungulira pa mphindi pa voti iliyonse) ndi mavoti a batire zalamula. Mota ya Kv 650 pa batire ya 4S, ya maselo anayi, ya mavoti 14.8, imafuna kuyandikira maulendo 9,600 pa mphindi ikakhala yopanda katundu. Mukaisenzetsa pulopela yaikulu sidandaula. Imangokoka moto wochuluka kuchokera ku batire kuti isabwerere m'mbuyo kwambiri, ndipo imakoka mpaka waya wa m'kati mwake atapsa. Kukhutu imamveka yamphamvu, mwini wake akumwetulira, osadziwa kuti m'katimo vanishi wa pa waya wayamba kale kusungunuka.

Anthu sadziwa kuti katunduyu amakula msanga bwanji. Mumati kuchoka pa mainchi 12 kufika pa 14 n'kuwonjezera pang'ono chabe, mainchi awiri okha. Koma mphamvu imene pulopela imafuna sikula mofanana ndi utali wake. Pa liwiro lomwelo, ya mainchi 14 imafuna mphamvu yotsala pang'ono kuwirikiza kawiri ya mainchi 12. Ndiye pali ena amene pulopela saisintha koma amawonjezera selo, kuchoka pa 4S kupita pa 5S, ati ndege ikhale ndi nyonga. Mavoti akwera kuchoka pa 14.8 kufika pa 18.5, mota yathamanga, ndipo mota imene inkakoka ma amp 45 tsopano ikupitirira 60. ESC yanu yalembedwa 60A. Mwayembekezera chiyani? Ndiponso kutentha kwa m'mawaya kumakula koposa pamenepo: ma amp akawirikiza kawiri, kutentha kumawirikiza kanayi. Maginito wamba a neodymium amayamba kufooka akafika cha m'madigiri 80, ndipo akafooka sabwereranso. Mota yotere imakoka moto wambiri kuposa kale pa pulopela yomweyo, ndiye ulendo wotsatira imatentha msanga, n'kumangoipiraipira. Ichi n'chifukwa chake ena mumati, "Koma inauluka bwinobwino kasanu konse." Inde inauluka. Inali ikufa pang'onopang'ono maulendo asanu onsewo.

Tsono mtengo wa cholakwachi si mota yokha. Mota ikanamapsa yokha ndikanangoti gulani ina. Vuto ndi ESC. Pa ndege zambiri zimene ndaona, risiva (yolandira malamulo a rimoti) ndi ma servo (timamota togwedeza ziwongolero) zimadya moto wochokera ku BEC, yotsitsa mavoti a batire, imene ili m'kati mwa ESC yomweyo. ESC ikapsa, kawirikawiri imapita ndi BEC yake. Pamenepo simunataye mota yokha, mwataya chiwongolero chonse. Ndege ya glow injini ikazima m'mwamba mumaitsitsa ngati kamtema, n'kutera bwinobwino. Ndege imene BEC yafa mumangoiyang'ana, zala zikugwedeza timitengo ta rimoti pachabe. Ikamenya pansi ndi mphuno, batire ya LiPo imene yatentha kale ndi kukokedwa mopyola imaphwanyika, ndipo LiPo yoboka imayaka moto umene suzimitsika msanga. Udzu wa October mukuudziwa. Mwezi wathawu tinathera theka la ola tikupuntha moto ndi nthambi, mwini dimba la m'mphepete mwa dambo ataima poteropo manja m'chiuno. Akadzatiletsa kuulutsira pamenepo, mudzapita kuti?

Werengani nokha: mota, ESC, batire, mwina risiva, ndi ndege imene munamata miyezi. Zipangizo zimenezi sitigula pa golosale. Mumaitanitsa kunja n'kudikira masabata, kapena kupempha wachibale wochokera ku Johannesburg kuti akunyamulireni, ndipo batireyo ayenera kuinyamula m'chikwama cha m'manja chifukwa malamulo a ndege salola mabatire apadera a lithium m'katundu wopita pansi. Zonsezi chifukwa chokana kuyeza kwa masekondi khumi.

Amene akundivutitsa kwambiri ndi inu okonda ndege zofanizira zenizeni. Ndikukumvetsani, nanenso ndine mmodzi wa inu. Munthu ukamanga P-51D Mustang kapena Spitfire Mk IX, mtima umafuna pulopela ya masamba anayi monga inalili ndege yeniyeniyo. Injini ya glow inkakukanizani, ndiye mwamva kuti mota ya magetsi imatha kutembenuza pulopela yaikulu, mwati mwayi ndi uwu. N'zoona imatha, koma mota yake ikhale ya Kv yotsika, yosankhidwira ntchito imeneyo. Tsamba lililonse lowonjezera ndi katundu wina. Anzathu amati ukachoka pa masamba awiri kupita pa atatu uchepetse utali ndi inchi imodzi, ndipo ngakhale pamenepo uyezebe. Inu mukuwonjezera masamba, utali osachepetsa, mota yomweyo, kenaka mukutseka chivindikiro cha kumphuno mpaka osasiya ndi kabowo komwe, ati bowo likuipitsa maonekedwe. Injini ya glow mutu wake unkasuzumira panja ukupitidwa mphepo. ESC mwaikwirira m'kabokosi ka balsa, thabwa lopepuka lija, pambali pa batire, mwaikulunganso thonje. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Pali mkulu wina, mlimi wa fodya ndi soya cha kumadzulo kwa Lilongwe, amene amabwera kudambo kuno ntchito ya kumunda ikachepa. Spitfire yake anaimanga madzinja awiri, usiku, balsa akuchita kumutumizira mwana wake. Ndege yokongola zedi, mpaka manambala a m'mbali anajambula ndi dzanja. Inauluka zaka zingapo ndi injini ya glow popanda chovuta. Chaka chino anaiika mota, n'kubwera nayo ili ndi pulopela ya masamba anayi yakuda bii, nsonga zachikasu. Nditaiona ndinatulutsa wattmeter yanga, mita yoyezera ma amp ndi mawati. Iye anaseka.

"A Alangizi, ine ndinayamba kuulutsa ndege inu muli ku pulayimale. Tamverani mmene ikulirira. Ili ndi vuto imeneyi?"

"Bambo, kulira kwa mota sikunena kanthu. Tiyeni tingolumikiza, sitichedwa."

"Dzuwa likukwera, mphepo iyamba. Tidzayeza ikatera."

Inanyamuka ngati mpheta, ndipo kunena zoona aliyense anaombera m'manja. Inazungulira dambo kawiri. Pokhota kachitatu tinaona kautsi koyera, phokoso linazima, ndipo ndegeyo inapitiriza kukhota komweko mpaka pansi. Mkuluyo anali akukankha timitengo uku ndi uku, akuti, "Sikumva, sikumva." Tinatola mchira ndi phiko limodzi.

Patapita masabata awiri anabweranso wopanda ndege, n'kukhala pafupi nane. Anandiuza kuti kwawo ali ndi chigayo. Kale chinali cha dizilo, ndipo anyamata akathira chimanga chambiri injini inkatsokomola, utsi wakuda, iwo n'kuchepetsa. Magetsi atafika anaika mota, ndipo chaka choyamba chomwecho mota inapsa, anyamata akuthira chimanga osaleka poti makinawo sankadandaula. Wokonza uja pobwezera anawaikira mita ya ma amp pakhoma, n'kujambula mzere wofiira. "Mita imeneyo ndimaiyang'ana tsiku ndi tsiku," anatero. "Kungoti pa ndege sindinaganize." Ndinayesa kuti afunsa kumene angagule wattmeter. Ayi ndithu, anafunsa ngati ndikudziwa kumene angapeze pulopela ina ya masamba anayi.

Pali chinanso chimene chimanyenga anthu. Lilongwe ali pamtunda wa mamita opitirira 1,000, mpweya ndi wopepukirapo, makamaka kukatentha. Ndege imathamanga mtunda wautali isananyamuke, mwini wake n'kuganiza kuti pulopela yachepa, n'kuika yaikulu. Yomweyo akapita nayo kunyanja ku Salima, kumene ndi kotsika, imagwira mpweya wolemererapo n'kukoka moto woposa umene inkakoka kuno. Amene anali kale m'mphepete mwa malire amagwera komweko. Ndipo ndege yofanizira yeniyeni sifuna mphamvu zonse zimene mukuiunjikira. Piper Cub ya makilogalamu awiri ndi theka imauluka mokoma ndi mawati 400 kapena kucheperapo. Ndege yankhondo yolemera mapiko ingafune mawati 200 kapena kuposerapo pa kilogalamu iliyonse. Ena mukuika zowirikiza kawiri pamenepo, Cub n'kumakwera choimirira ngati roketi. Cub yeniyeni, ya injini ya mahatchi 65, inayamba yatero liti? Safunsa anadya phula.

Chochita n'chachidule, ndipo ambiri mukuchidziwa kale. Ikani ndege pa sikelo ili ndi batire, muwerenge mawati amene ikufuna. Onani pepala la mota, limanena ma amp amene singapitirire ndi mapulopela oyenera pa selo zingati. Yambani ndi yaing'ono pa mndandandawo, ndipo ikhale ya magetsi, zija za kampani ya APC zolembedwa E kumapeto, osati yolemera ya glow. Lumikizani wattmeter pakati pa batire yodzaza ndi ESC, mnzanu agwire mchira, aliyense akhale kumbuyo kwa pulopela, perekani moto wonse masekondi khumi, werengani. Nambalayo ikhale pansi pa malire a mota, ndipo ESC itsale ndi mpata, ya 60A isamakoke kupitirira 48 kapena 50. Mukasintha pulopela kapena selo, yezaninso. Boolani polowera mpweya kumphuno ndi potulukira pokulirapo kunsi kwa ndege. Ngati ndege ndi yaikulu, risiva ipatseni BEC yapadera. Mukatera gwirani mota ndi chala, ikakuwotchani musanawerenge kufika pa zisanu, pulopela ichepe. Za kuika batire kuti ndege isalemere kumchira tidzakamba tsiku lina. Wattmeter yanga imakhala m'chikwama Loweruka lililonse, ili ndi mapulagi a XT60, amene muli ndi a mtundu wina mubwere ndi polumikizira panu.